Gogoda za Apongozi a Gervazio

Amene ankawadziwa a Gervazio Namakhwa ku Chilobwe amayamba ndi kukumbuka mwendo wawo wakumanja. Katumba wake anali wamkulu kuposa wakumanzere, moti akavala kabudula wa kuntchito anthu ankayang'ana kumbali kuti asaseke. Sanabadwe choncho ayi. Inawaumba ndi ntchito: zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akuponda burashi ndi phazi limodzi, kuikankha uku ndi uku, kuwalitsa pansi pa ofesi ina ya mu msewu wa Victoria, m'tauni ya Blantyre.

Anabadwira kwa Apwitikizi, kuseri kwa phiri la Mulanje. Makolo awo anathawa chibalo iwo ali kumsana, nakakhala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Atamera ndevu anaona kuti tiyi wa mzungu adzawathera msana monga anathera wa bambo awo, ndiye anapinda mphasa, kolona m'khosi, ulendo wa ku tauni. Anatchetchako kapinga, anasenzako katundu pa siteshoni ya sitima ku Limbe, mpaka tsiku lina anamva kuti kampani ina yotumiza tiyi ndi fodya kunja ikufuna munthu wosesa ndi kupukuta. Pamenepo n'kuti atakwatira kale a Esnat. Pa ana onse amene anabereka, anakula ndi mmodzi yekha, Bennet.

Pansi pa ofesiyo sipanali pa simenti. Anali matabwa a mkungudza wa ku Mulanje, ofiirira, onunkhira, ofewa moti chikhadabo chikhoza kulembapo. A Gervazio ankafika wina aliyense asanafike. Kusesa, kugwada ndi kasanza kupaka polishi, kudikira kuti aume, kenako burashi ija kuphazi, pomaliza chidutswa cha bulangeti lakale. Mlendo akalowa ankayang'ana kaye pansi asanapereke moni, ndipo a Gervazio, ali kuseri kwa chitseko, mtima unkangoti myaa. Ena amanyadira munda, ena njinga. Iwo ankanyadira matabwa a eni ake, ndipo ine sindikuwaseka.

Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu, wovala nsapato Lamulungu lokha, ankazidziwa nsapato kuposa mmwenye wozigulitsa. Ankazimva ndi khutu, n'kuziwerenga pa matabwa. Ankadziwa jombo za mesenjala, zosiya dothi m'makona. Ankadziwa za bwana wamkulu, amene antchito anam'patsa dzina loti Kaliwo chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake. Iyeyo ankakhwekhwereza phazi lakumanzere. Ankadziwanso za madona otayipa makalata. Pamene ankayamba ntchito, nthawi ya nkhondo, madona ankavala nsapato za chidendene chachifupi, chonenepa ngati bokosi la machesi. Chaka ndi chaka chidendene chija chinkatalika, chikuonda, mpaka m'zaka za Chitaganya chinafika poonda ngati pensulo. Anthu anazitcha gogoda, ndipo sizinathere kwa madona okha. Anamwino, aphunzitsi, atsikana ovina dansi ku Limbe Loweruka, aliyense ankazilota. Amayi a ku tchalitchi ankati mkazi wovala zimenezo ndiye kuti khasu analitaya kalekale, ndipo ulemu anautayira kumodzi. A Esnat ankanena mawu amenewo mokweza kuposa onse, mpaka tsiku limene gogoda zinalowa pakhomo pawo.

Anazibweretsa ndi Constance, mkazi wa Bennet. Bennet anamugwira mu Malichi 1959, nthawi ija boma linkatola anthu a Kongeresi, nam'tumiza kundende ya kutali ku Rhodesia. Nyumba ya kuntchito kwake inalandidwa, ndipo Constance, khanda lake Ella kumsana, anadzakhala kwa apongozi ake, m'kanyumba ka kuseri. Mtsikanayu anali wa sukulu, wodziwa kutayipa. Chakumapeto kwa chaka, kampani ya a Gervazio inaganiza zolemba mkazi mmodzi wachikuda pakati pa madona, kuti ione ngati angathe. Anatenga Constance, nam'patsa miyezi itatu yomuyesa.

Ku ofesi panalibe mzungu wodziwa kuti wotayipa watsopanoyo ndi mkulu wa burashi amatuluka pakhomo limodzi, ndipo awiriwo sanavutike kubisa. Mwambo unali utawabisira kale. Mpongozi sulankhula naye maso ndi maso, sudyera naye pamodzi, chovala chake sukhudza. Akakumana m'kolido, a Gervazio ankatembenukira kukhoma ngati aona banga lofunika kupukuta. Kunyumba, uthenga uliwonse, ngakhale woti mwana watentha thupi, unkadzera kwa a Esnat.

Tsiku loyamba lomwelo, dona wamkulu wa otayipa ananena kuti mkazi wa mu ofesi azioneka wa mu ofesi, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Constance anakagula gogoda zakuda ku Limbe, peyala imodzi yokhayo. Masiku amenewo anthu a ku Chilobwe okhala ndi nsapato ankazinyamula m'manja, kukatsuka mapazi pa mtsinje wa Naperi, n'kuzivala akayandikira tauni. Constance anachita zimenezo sabata imodzi. M'mawa wina ali chiweramire pa mwala akutsuka matope, galimoto ya dona uja inadutsa pa mlatho, dona n'kusuzumira pa windo. Manyazi ake! Kuyambira pamenepo ankazivalira pakhomo, n'kuyenda nazo njira yonse ya miyala, osadandaula kwa munthu.

Timabowo tinayamba kuoneka pa matabwa a ofesi mu Januwale, mvula ili pakati. A Gervazio anatipeza atagwada m'kolido: titatu, tinayi, tozungulira, ting'onoting'ono. Anatitseka ndi polishi. M'mawa mwake tinali makumi awiri. Anayang'ana kudenga ngati kukudontha, ananunkhiza matabwa, anagogoda ndi chala kuti amve ngati m'kati mwafumbwa. Palibe. Pakutha pa masabata atatu kolido yonse inali ngati nkhope ya munthu amene anadwalapo nthomba, ndipo polishi sankabisanso kanthu.

Lolemba lina Bwana Kaliwo anawaitana.

"Boyi! N'chiyani ichi?"

Imvi anali nazo a Gervazio, mdzukulu anali naye, koma pa ofesi anali boyi basi.

"Kapena ndi chiswe, bwana."

"Chiswe sichidya mkungudza. Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa." Anachotsa kaliwo pakamwa, chinthu chimene sankachita wambawamba. "Mwezi wamawa kukubwera akuluakulu a kampani. Ndiwaonetse izi? Lachisanu undiuze chimene chikuboola. Ukalephera, ndiye kuti ndiwe, ndipo ndipeza boyi wina."

Taganizani inu: munthu wa zaka zopitirira makumi asanu, wosadziwa kulemba, wopanda munda, mwana yekhayo ali m'ndende, kwawo kwenikweni kuli kwa Apwitikizi kumene sakukudziwa n'komwe. Akam'chotsa ntchito alowera kuti? Chinangwa chimene a Esnat anawakulungira tsiku limenelo chinabwerera kunyumba chosalumidwa.

Lachiwiri anafika kusanache bwino. Anasiya zofunsa denga ndi chiswe, nayamba kulondola timabowo tokha, akukwawa. Sitinali paliponse. Tinkayambira pa chitseko cha kuseri, cholowera anthu akuda, osati cha kutsogolo. Tinkayenda kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere, motalikirana bwinobwino. Tinkalowa m'chipinda cha otayipa, n'kutulukamo kulunjika mu ofesi ya bwana. Mmenemo anayang'anitsitsa. Madona akaitanidwa kudzalemba kalata ankakhala pa mpando wa pambali pa tebulo, koma pansi pa mpandowo panalibe kabowo ngakhale kamodzi. Tonse tinaunjikana kutsogolo kwa tebulo, chapatali pang'ono, pamalo poima munthu amene sanauzidwe kuti akhale. Ndipo pamenepo tinali takuya, chifukwa mwiniwake ankaima nthawi yaitali, akusinthasintha mwendo.

"Mariya Woyera," anatero a Gervazio, nakhala pansi, sanza ili m'manja.

Wotayipa woima pamenepo anali mmodzi yekha, Constance, koma anafunitsitsa kuti akhale akulakwitsa. Madona onse amavala gogoda. Nanga zawozo sizikuboola bwanji? Funso limenelo linawazunguza mutu tsiku lonse. Yankho linali kunsi kwa nsapato, koma nsapatoyo aiona bwanji? Kupempha sangapemphe. Kulowa m'kanyumba ka mpongozi, Mulungu awaleke. Ngakhale kungoyang'ana kumapazi kwake akamadutsa, n'chamanyazi. Kuwauza a Esnat asanatsimikize ndiye kunali kuthira parafini pamoto, popeza mayiwo nsapato zimenezo ankadana nazo ngati njoka.

Lachitatu kunacha kutanyowa, mvula itagwa yambiri. A Gervazio anachedwa dala, koyamba m'zaka zonsezo. Anazengereza kuseri kwa bafa mpaka anamva Constance akutsazika a Esnat n'kutuluka. Pabwalo panatsala mapazi ake m'matope: kutsogolo kophwatalala, kumbuyo kadzenje kakuya. Ananyonyomala. Anatenga kamtengo ka machesi, nakumba mozungulira kadzenje kamodzi, nanyamula dothi lonselo m'dzanja kuti alione bwino poyera. Pansi pa kadzenjeko panali chidindo cha mutu wa msomali, chofanana ndendende ndi timabowo ta ku ofesi.

Apo anamvetsa zonse. Kunsonga kwa chidendene cha gogoda kumakhala kalabala kophimba msomali. Madona amatsika m'galimoto pakhomo penipeni pa ofesi, kalabala kawo kamatha chaka kali bwinobwino. Ka Constance miyala ya ku Chilobwe inakadya m'masabata ochepa, n'kusiya msomali pamtunda. Mwana wa eni akeyo ankayenda pa misomali iwiri, iye osadziwa.

Anadzuka, dothi lili m'manja, ndipo maso awo anakumana ndi a Felicia, oyandikana nawo nyumba, ataima kuseri kwa mpanda ndowa ili pamutu, kukamwa kuli yasa.

Mukudziwa inu chimene anthu amaganiza akaona munthu akutapa dothi la phazi la mnzake. Imeneyo ndi ntchito ya afiti. Amati phazi likatapidwa mwendo umatupa, munthu amapuwala, zake zonse zimaima. Ndiye phazi lake la mpongozi, abale! A Felicia sanapereke moni. Anatembenuka ndi ndowa yawo, madzi akukhavukira kumsana, liwiro la kumpopi kumene anachokera. A Gervazio anatsegula pakamwa kuti awaitane, koma akanati chiyani? Anataya dothi lija, napukuta dzanja pa kabudula, nauyamba wa kuntchito.

Pobwera madzulo anapeza amayi ataima timagulu m'njira. Iwo akayandikira nkhani inkaduka, akadutsa inkayambiranso. Mayi wina anakoka mwana wake kumuchotsa panjira. Pakhomo, Constance anali atadzitsekera m'kanyumba kake ndi khanda, wakana chakudya chochokera ku nyumba yaikulu. A Esnat anali chilili pa khonde, manja m'chiuno.

"Abambo a Bennet, talowani m'nyumba."

Atangotseka chitseko, anawapsera mtima.

"Zaka makumi atatu ndakhala nanu, kolona m'khosi, Misa osaphonya. Lero ndikamve kumpopi kuti mwatapa phazi la apongozi anu? Mwana wathu ali m'ndende, inu mukufuna mum'pundulire mkazi? Chakuwawani n'chiyani? Kuti iwo amakhala pampando inu mukugwada?"

"Amayi a Bennet, takhalani pansi."

"Sindikhala!"

"Khalani, ndikupemphani. Ine miyendo yandithera."

Mawu amenewo anawatsitsa a Esnat. A Gervazio anafotokoza zonse: timabowo, mawu a bwana, Lachisanu, msomali. A Esnat anaomba m'manja kamodzi.

"Sindinanene ine? Nsapato zoyendera pa msomali, nsapato zanji zimenezo? Ndinanena!" Kenako mawu awo anatsika. "Ndiye Lachisanu mukanena chiyani?"

"Ndikatchula nsapato za apongozi, tsiku lomwelo awachotsa. Adakali poyesedwa. Madona aja akungodikira kachifukwa kakang'ono, ndipo mkazi wina wachikuda sadzamulembanso."

"Mukapanda kutchula?"

"Achotsa ine."

A Esnat anatuluka kupita ku kanyumba ka kuseri. Anagogoda, anagogodanso, mpaka chitseko chinatseguka. A Gervazio anakhala pa khonde akumva mawu a akazi awo akung'ung'udza. Kenako kunamveka kulira, kwa munthu wotseka pakamwa ndi nsalu.

A Esnat anabwera ndi uthenga. "Akuti muwakhululukire, iwo samadziwa. Akuti mawa akaulula okha kwa bwana."

"Kawauzeni asayerekeze n'komwe. Mdzukulu wathu adya chiyani? Nsapato zikonzedwe, timabowo tisiye, basi. Bwana akaona kuti tasiya, aiwala."

"Nanga a Felicia? Mudzi wonse ukuti ndinu mfiti."

"Asauzidwe kanthu. Mesenjala wa ku ofesi amakhala konkuno. Nkhani ikafika kumpopi, mawa ili pa tebulo la bwana."

Motero dzina la ufiti analisenza dala, ndipo linawalemera. Zoti bwana aiwala ankazikhulupirira, kapena tinene kuti ankafuna kuzikhulupirira.

Lachinayi Constance analibe nsapato zina zoti n'kuvala. Anapita ndi zomwezo. A Gervazio anatchera khutu tsiku lonse, koma kugogoda kuja sanakumve. Mtsikanayu anayenda monyang'ama kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zidendene zili m'mwamba, osalola msomali kukhudza thabwa. Ataitanidwa kwa bwana anaima choncho, ndi zala zokha, mpaka kalata yonse inatha. Madzulo anafika kunyumba akutsimphina, ndipo amayi a kumpopi atamuona anagwedezerana mitu kuti mankhwala ayamba kugwira ntchito.

Dzuwa lisanalowe, a Esnat anakulunga gogoda zija m'nsalu, iwo patsogolo, a Gervazio pambuyo, kupita kwa Che Hamdani. Che Hamdani anali wosoka nsapato pa khonde la sitolo ina ku Limbe, koma nyumba yawo inali kumunsi kwa Chilobwe komweko, ndipo anali atangotsika panjinga. Anatembenuza nsapato imodzi, nakhudza msomali ndi chala.

"Iii, amayi, chaka chino nsapato zimenezi zandithera nzeru. Kale ndinkasoka jombo, munthu n'kukhala zaka zitatu osabweranso. Timalabala take timachokera kunja, ine ndilibe."

"Che Hamdani, chitanipo kanthu," anatero a Gervazio. "Zikufunika mawa m'mawa."

Mmisiriyo anawayang'ana, ndipo sanafunse zambiri. Anatulutsa chidutswa cha tayala lakale, nadula tizidutswa tiwiri, nasema ndi mpeni mpaka tinakwana pa nsonga. Anamenya misomali ija kuti ilowe, namata, nakhomera.

"Ziyenda mwezi umodzi. Koma muwauze eni ake kuti nsapato izi anapangira anthu okwera galimoto. Chilobwe sanam'ganizire."

Lachisanu a Gervazio anapukuta pansi paja ngati sanapukutepo chiyambire. Anakwawa kolido yonse kawiri. Kabowo katsopano panalibe. Njira yonse kuchokera kunyumba anali akubwereza mawu oti akanene, ndipo ankaona kuti ndi mawu anzeru, osanamizira munthu, osaulula munthu.

Cha m'ma teni koloko anaitanidwa. Analowa mu ofesi ya bwana. Constance anali momwemo, ataima pamalo pake paja kutsogolo kwa tebulo, kabuku ndi pensulo m'manja, bwana atamudukiza pakati pa kalata. A Gervazio anaima chammbali, maso kukhoma.

"Eya, boyi. Lachisanu lakwana. N'chiyani?"

"Bwana, timabowo tatha. Kuyambira lero simuonanso kabowo katsopano."

Bwana Kaliwo anachotsa kaliwo pakamwa. "Ukudziwa bwanji?"

Bwana sanadikire yankho.

"Ngati ukudziwa kuti tatha, ukudziwanso chimene chimaboola. Nena."

Kalanga ine! Njira yonse ija, funso limeneli sanaliganizire. Anadzitchera okha msampha ndi mawu awo anzeruwo. Bwana anadzuka, nazungulira tebulo, maso ali pansi. Mzungu ameneyu sanali chitsiru. Anayamba kuloza timabowo ndi kaliwo wake, kamodzikamodzi, kuchokera pa chitseko, akuyandikira pang'onopang'ono. Anaima pafupi ndi Constance.

"Apa pali tambiri. Chifukwa chiyani apa?"

A Gervazio anamva mpongozi wawo akukoka mpweya.

"Bwana," anayamba Constance, "ine ndi..."

"Burashi, bwana!"

Chibadwire anali asanadulepo mzungu kapena mpongozi mawu, ndipo liwu linatuluka lalikulu moti iwo eni anadzidzimuka.

"Burashi yanga. Msomali unatulukira kunsi, ine osaona. Apa ndimapondapo kwambiri chifukwa ndi pamene alendo anu amayang'ana akalowa. Dzulo ndinaupeza, ndauzula."

"Masabata atatu, iwe osauona?"

"Maso akalamba, bwana."

"Ndipo Lolemba unandiuza za chiswe."

"Ndinachita mantha, bwana."

Bwana Kaliwo anabweza kaliwo pakamwa, nabwerera pampando, nkhope yake ili ya munthu wokhutira. "Ndimadziwa ine. Ntchito yako yatha lero. Kalata yako ituluka mawa." Analoza Constance ndi chala osamuyang'ana. "Tsegula tsamba lina. Lemba."

A Gervazio sanadikire kuti amve. Anakaika burashi, sanza ndi chitini cha polishi m'kabati mwake mwa masiku onse, natsuka m'manja pa mpopi wa kuseri, natuluka dzuwa lili pamutu. Msewu wa Victoria pa nthawi imeneyo sankaudziwa. Anali asanauyendepo masana a tsiku la ntchito. Anayenda pang'onopang'ono kuti asafike msanga kunyumba.

Loweruka ofesi inkatseka masana. A Gervazio anali pa khonde pamene Constance anafika, envulopu ili m'manja. A Esnat anatambasula dzanja kuti alandire monga mwa nthawi zonse, koma Constance anapukusa mutu. Anagwada chapatali, nayenda ndi mawondo pa dothi ndi diresi lake la ku ofesi, naika envulopu ija pafupi ndi mapazi a apongozi ake.

"Bambo," anatero. Kanali koyamba kuwalankhula mwachindunji chilowere m'banjamo. "Ndatayipa ndine."

A Gervazio anayang'ana kumbali, kwa akazi awo. "Afunseni ikuti chiyani."

Constance sanadikire kufunsidwa. Sanatsegule n'komwe envulopu; mawu ake anali nawo pamtima. Kalatayo inkati Gervazio wagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sakuba, samwa, sachedwa. Inkatinso maso ake afooka, waononga matabwa a mtengo wapatali chifukwa chosasamala, ndipo sayeneranso kupatsidwa ntchito yopukuta pansi.

"Mzere womalizawo ndinausiya dala," anatero Constance, misozi ikutsika. "Anawerenga, nandibwezera kuti ndiuikemo."

A Esnat anadziphimba kumaso ndi nsalu. A Gervazio ankadziwa kuti ndi kalata yotere palibe ofesi ya mu Blantyre kapena Limbe imene idzawapatsenso burashi, ndipo zinaterodi. Zaka zawo zotsala anathera pa ulonda wa pa sitolo ina. Koma nthawi imeneyo chinkawavuta mumtima chinali china.

"Afunseni," anateronso kwa akazi awo, "ngati bwana anayenderanso pansi paja lero."

"Anayendera ponse, bambo, madona ali pambuyo pake. Kabowo katsopano sanapeze. Anawauza kuti, mwaona, boyi uja wangochoka, timabowo tasiya."

"Ndiye kuti akhulupirira."

"Akhulupirira, bambo."

Zinawawawa, ndisakunamizeni. Chimene ankapempherera sabata yonse, kuti timabowo tisiye, ndi chomwecho chinawatsimikizira mlandu, ndipo panalibenso tsiku limene wina adzanene kuti mkuluyo sanalakwe. Anatola envulopu ija, naipinda, naiika m'thumba la malaya. Kenako anatembenuza nkhope, nayang'ana mpongozi wawo m'maso, a Esnat ali pomwepo.

"Amake Ella, dzukani, mudetsa diresi. Lolemba musakachedwe ku ntchito."